Tsiku Limene Anatulutsa Piyano ya Joy

Amake Joy anatsika basi yochokera ku Kitwe masana, cha m'ma fotini, miyendo itatupa. Foni inawapeza m'mawa ku msika wa Chisokone akuyala tinsomba ta kapenta pa tebulo: mkamwini wawo Dennis wamwalira. Anagwa dzulo lake ali ku ntchito, BP, ndipo ku chipatala sanadzukenso. Malonda anasiyira mnzawo wa tebulo loyandikana, nathamangira kunyumba ku Kamitondo kukamanga zitenje ziwiri, bulangete ndi korona. M'basi sanalire. Kulira kuli ndi malo ake, munthu umayambira pa geti.

Pa geti la nyumba ya mwana wawo ku Itawa anayambadi, manja ali kumutu. Koma asanafike pakhomo kulirako kunaima.

Katundu yense wa pa balaza anali panja, ndipo zimenezo zinali zoyenera. Pa maliro nyumba imakhuthulidwa kuti azimayi apeze pokhala pansi, mipando n'kupita kwa azibambo. Masofa anali mu tenti, kabati ya mbale itatsamira mtengo wa mapeyala. Koma kukhoma, penipeni pomwe madzi a denga amagwera, panaima piyano ya Joy. Pamwamba pake wina anaikapo beseni la madzi osamba m'manja, makapu a tiyi ndi chipewa. Chapafupi mbaula ikuyaka. Unali mwezi wa Febuluwale, ndipo kumbali ya ku Congo kumwamba kunali kutada bii.

Kunena zoona, Amake Joy sanayambe aikondapo piyano. Joy anaiyamba ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, kwa sisitere wina wokalamba wa ku parishi amene anamupeza akugogoda limba la m'tchalitchi anzake ali pa katekisimu. Kuyambira pamenepo mwanayo anangotayika. Anzake akuphunzira kuphika, iye ali kwa sisitere. Anzake akukwatiwa, iye ali ku Cape Town ku sukulu ya nyimbo, kukhala tsiku lonse kubwereza kachidutswa kamodzimodzi ka nyimbo za azungu amene anafa kalekale, nyimbo zopanda mawu, zoti sungavine. Malemu bambo ake, a Ackson, amene moyo wawo unathera pansi pa mgodi, ankanyadira mpaka kudula zithunzi zake mu nyuzipepala. Amake ankangofunsa funso limodzi: kodi zimenezi zimadyetsa?

Zinadyetsa. Joy analiza piyano m'maholo a ku Joni, ku Harare, mpaka kutsidya kwa nyanja, atavala diresi lakuda, anthu ali zii ngati pa Misa. Amake anakamuonerapo kamodzi kokha, ku Lusaka. Nyimbo itaima anaimba nthungululu, osadziwa kuti sinathe, ikungopuma. Holo yonse inacheuka. Sanapitenso.

Koma kusakonda chinthu sikutanthauza kusachidziwa. Piyano imeneyi Joy anabwera nayo pa thiraki kuchokera ku Joni pamene ankabwerera kudzakwatiwa ndi Dennis, ndipo nyumba ya ku Itawa isanathe inakhala miyezi isanu ndi itatu ku Kamitondo, itadya theka la balaza. Malamulo ake anawaloweza ngati a mwana wa mphumu. Isaone dzuwa. Isayandikire moto. Pamwamba pasakhale kapu. Madzi ndiye mdani weniweni, chifukwa m'kati muli tinyundo tokutidwa ndi ubweya ndi thabwa lopyapyala lomatidwa ndi guluu, ndipo zikanyowa zimatupa, basi, yatha. Munthu woikonza mawu amachokera ku Lusaka kamodzi pa chaka. Ana khumi ndi anayi ankaphunzira pa piyano imeneyi, ena mayeso awo ali mu Epulo, ndipo Joy mwini wake ankakonzekererapo za ku maholo. Tsopano Dennis wapita. Chotsala chodyetsa Joy ndi ana ake awiri chinali chimenecho, chitasenza beseni pamutu.

Amake Joy anayambiranso kulira, nalowa m'nyumba.

Pa balaza panali azimayi okhaokha, atatambalala khoma mpaka khoma. Joy anamukhazika pa matiresi chakukhoma, atamufunditsa chitenje kumutu, nsapato atamuvula. Mbali ina kunali amake Dennis, mbali ina azakhali ake a Dennis. Namfedwa sayankhula, sadzuka popanda womuperekeza, sayang'ana uku ndi uku. Amake Joy anagwada, anakumbatirana ndi asewere awo, nalira limodzi, kulira kwenikweni tsopano. Dennis anali mwana wabwino, wosamwa, wobwera yekha ku Kamitondo kudzakonza magetsi osachita kuitanidwa.

Kenaka anamugwira Joy. Manja anali ozizira, maso otupa. Joy anatsamiritsa mutu paphewa la amake, nanong'ona m'khutu.

"Amama, mvula."

"Ndaona. Khala chete."

"M'mawa ndinayesa kunena, azakhali anandiyang'ana diso lina."

"Ndati khala chete. Usatsegulenso pakamwa pako."

Ankadziwa chimene chikanatsatira. Mkazi amene mwamuna wake ali ku mochale, iye n'kumafunsa za katundu, dzina lake limathera pomwepo. Zikanamveka mpaka ku Chipata kuti sanalire mwamuna, ndipo ena akanaonjezera kuti mwina ndiye anamudya. Joy anali nazo kale zomunenera: wophunzira kwambiri, woyenda maiko, wosiya mwamuna akudziphikira yekha.

Woyendetsa maliro anali a Zacharia, malume ake a Dennis, a ku Luangwa. Anakhala kapitawo pa mgodi zaka zambiri ndipo mpaka lero ankayankhula ngati akugawa shifiti. Sanali munthu woipa. Amake Joy anawapeza mu tenti, anagwada chapatali, anapepesa maliro, kenaka anatsitsa mawu.

"Asewere, pepani, kanthu kakang'ono. Chilimba chija chili pa madzi. Kumwambaku mukukuona."

"Tichifunditsa pulasitiki."

"Chinyontho chokha chimachiononga. Chikanalowa ngakhale ku chipinda."

"Ku chipinda kwadzaza zikwama za alendo, enanso ali m'njira ndi basi ya ku Chipata. Tachitulutsa amuna sikisi, wina mpaka pano sakuwongoka." Anawayang'ana pamwamba pa magalasi. "Asewere, mwana wathu wagona mu firiji. Inu mwachokera ku Kitwe kudzalira thabwa?"

Azibambo awiri atatu anasiya kucheza. Amake Joy anangoti pepani, nadzuka, maondo akulira. Liwu linanso limodzi likanakhala kumupaka mwana wawo matope.

Anazungulira kuseri kwa nyumba, kumene kunali kuphika ambuya. Ku Migodi kuno maliro a munthu wa kum'mawa sayenda popanda Abemba. Makolo awo ndi Angoni anamenyana kale mpaka kutopa, ndiye adzukulu anasandutsa nkhondoyo chipongwe chimene amachitcha chimbuya. Mbuya wako pa maliro ako amaphika, amawaza nkhuni, amanyamula bokosi, amakutukwana, amakupaka ufa kumaso, ndipo iwe kukwiya n'kosaloledwa. Ukakwiya wadzivula wekha.

Wamkulu wa ambuya pamenepo anali Bana Mwaba, neba wa Joy, mayi wa thupi lake, amene anali kudula kabichi ndi mpeni waukulu ngati chikwanje.

"Ehe, wabwera winanso wakudya mbewa," anatero mokweza kuti onse amve. "Mwachedwa, mayo. Munatsika pa Kamfinsa kukumba ndiwo?"

"Tinaima kudikira anyani awoloke msewu. Achibale anu. Akupatsani moni."

Amake Joy anayankha osaseka n'komwe, kungoti kusayankha n'kulakwa. Anakhala pa njerwa pambali pawo, anatola mpeni wina, nayamba kudula nawo.

"Bana Mwaba, chija chili kukhoma mwachiona?"

"Nachiona kuchokera m'mawa. Ine nimachimva tsiku lililonse pa mpanda, ti-ti-ti, ti-ti-ti, mpaka mutu. Lero nati mwina Lesa wakumwamba wanimvera chifundo."

"Inenso chimandiwawitsa mutu. Koma ndilo khasu lake. Chikanyowa, ana aja adya chiyani?"

"Nanga a shifiti bosi akuti bwanji?"

"Akuti ndikulira thabwa."

Bana Mwaba anasiya kudula. Anayang'ana kumwamba, kumene mphepo inali itayamba kutembenuza masamba a mapeyala, kenaka anayang'ana mnzawoyo.

"Ndiye mufuna ine nikachite misala."

"Inu ndiye mwaloledwa."

"Koma mudziwe, nizayambira pa imwe. Nikakusiyani azadziwa kuti ndimwe mwanituma."

"Yambirani. Chitani msanga."

Bana Mwaba anapukuta manja pa chitenje, anatapa ufa wodzaza mbale, nafuula mawu oti anamveka mpaka ku msewu. "Ba Sunday! Ba Reuben! Iseni kuno, bwerani ndi anzanu!" Amuna asanu amene anali kutsitsa nkhuni pa vani anasiya, nabwera akupukuta thukuta. Pamenepo Bana Mwaba anawagwira Amake Joy pa mkono ngati wakuba, nawakokera kutsogolo, pamaso pa tenti yonse.

"Onani apongozi a malemu! Abwera manja lende, nkhuku alibe, ndi kapenta yemwe amagulitsa alibe!"

Ufa unawafika kumaso, pa duku, m'khosi, mpaka m'makutu. Mayi wa zaka zopitirira sikisite, wa bungwe la Anna Woyera, anaima pamenepo mbuu, maso ali pansi, osaphethira. Anthu anaseka pang'ono, kuseka koyamba pa nyumbapo tsiku limenelo.

Kenaka Bana Mwaba anachita ngati angoiona kumene piyano.

"Nanga ichi? Mwe bantu, tamwakwata amano, nzeru mulibe! Kwanu ku Chipata munaonapo chinthu chotere? Mwachiyesa khola la nkhunda? Mwachiyesa thandala loanikapo mbale?" Anakankha makapu, chipewa anachiponya mu tenti, madzi a m'beseni anawakhuthulira pafupi ndi nsapato za azibambo. "Mwamuna wa nyumba ino ankachipukuta yekha, ine nikuona. Lero sanaikidwe n'komwe mwachithamangitsira panja ngati galu. Chilowe! Chikakhale pa maliro a bwana wake!"

A Zacharia anaimirira. "Mayo, m'nyumba mulibe malo. Takonza kale zimenezi."

"Atate, dazi lanu lauma. Bwerani nikudzozeni."

Dzanja lonse la ufa linatera pa dazi, lina pa magalasi, wotsala pa jekete lakuda. A Zacharia anaima chilili. Tenti yonse inadikira. Anavula magalasi, anawapukuta pang'onopang'ono ndi mpango, ndipo atawavalanso sanayang'ane Bana Mwaba. Anayang'ana Amake Joy. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Chitani zanu, anyani inu," anatero pomaliza, nakhala pansi. "Mukathyoka misana musandifunse."

Madontho oyamba anagwa pa malata, akuluakulu, amodziamodzi.

"Imyeni, nyamulani!" anakuwa a Sunday. "Panono panono!"

Koma piyano si thumba la chimanga loti uponye paphewa. Timawilo take tinamira m'dothi. Anaikoka, anaikankha, anaitukula mbali imodzi, a Reuben akutukwana m'Chibemba kuti muli mtembo wa njovu m'katimo. Pofika pa masitepe atatu a pakhonde mvula inatsika yonse nthawi imodzi, ija ya ku Migodi yosapereka moni. Mbali imodzi ya piyano inali italowa pakhonde, ina inatsala kunja, madzi a denga akukhuthukira pomwepo ngati pa mpope. Chivundikiro cha pamwamba chinali chitatseguka pang'ono ndi kupendeka kuja.

Amake Joy anayenera kuima pomwe anali, ngati munthu amene sizikumukhudza. Ndiyo inali nzeru yonse. Koma miyendo inapita yokha. Anatsomphola mtolo wawo umene unali pakhonde, anasolola bulangete, naliponya pamwamba pa piyano, iwo n'kugonapo ndi chifuwa, manja atatambasula, msana ukulandira madzi a denga.

"Kankhani! Mukuyang'ana chiyani? Kankhani!"

Anakankha. Inakwera sitepe yachiwiri, yachitatu, inakhula chitseko, inalowa. Tenti yonse inaona, ndi azimayi a pazenera omwe.

M'nyumba azimayi anapinda miyendo akung'ung'udza. Bana Mwaba anali patsogolo, akuwagunda ndi mbale yopanda kanthu ija. "Sendezani matako, imwe a Chipata, mfumu ipite!" Malo okhawo amene piyano ikanakwana anali kukhoma komwe anakhazikako namfedwa. Anakoka matiresi, Joy ali pomwepo, anakankhira piyano kukhoma, nabwezeranso matiresi. Joy sanadzutse mutu. Anangosendera m'mbuyo pang'ono mpaka msana wake unakhudza thabwalo, nakhala choncho.

Amake Joy anaima pakati pa balaza akudontha. Ufa uja unali utasanduka phala, ukutsikira m'masaya ndi m'khosi. Panalibe woseka.

"Mwaona?" anatero azakhali a Dennis, osati mokweza koma mokwanira. "Mpaka bulangete. Ife timati abwerera maliro."

Amake Dennis anadzutsa mutu. Anali mayi wochepa thupi, amene kuyambira m'mawa sanalawe ngakhale madzi. Anayang'ana asewere awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenaka anapisa dzanja m'chikwama chawo, natulutsa chitenje chouma.

"Asewere, pukutani kumaso. Mukuopsa ana."

Amake Joy anagwada, nalandira ndi manja awiri.

"Mukatha mupukutenso icho," anatero amake Dennis, akuloza ndi mutu. "Chikudonthezera mpongozi wanga pa matiresi."

Azakhali anatembenukira kukhoma. Mayi wina wa kwaya anayambitsa nyimbo ya maliro, ena anailandira, ndipo Amake Joy anapukuta piyano yonse, pamwamba, m'mbali, kunsi, mosafulumira, anthu akuimba.

Dennis anaikidwa Loweruka. Lamulungu akuluakulu anakhala pansi kukamba za banja, ndipo Lolemba m'mawa alendo a ku Chipata anakwera basi. A Zacharia anatsanzika aliyense ndi dzanja, mpaka Bana Mwaba, koma pofika pa Amake Joy anangodutsa. Iwo anaziona, ndipo anadziwa kuti zimenezo zitenga zaka. Anapitiriza kukolopa.

Masofa atabwerera m'malo mwake, ana atapita kwa aneba, Joy anakoka kampando kake, nakhala. Anali atavala zakuda, kumutu duku. Anatsegula piyano. Sanalize nyimbo. Anayambira kudzanja lamanja, chala chimodzi, kiyi imodzi, kumvetsera, kenaka yotsatira. Amake anaima pakhomo chikwama chili m'manja, akudikira. Zinatenga nthawi, makiyiwo ndi ambiri. Mawu ankatsika, kunenepa, kutsika. Chakumapeto kwa dzanja lamanzere chala chinagunda koma sipanamveke kanthu, kungoti fu. Yotsatira chimodzimodzi. Ina inalowa osabwerera.

Joy anadzuka, anatsegula pamwamba, anaunika m'kati ndi foni, anagwada, anachotsa thabwa la kunsi, naunikanso.

"Ndiye bwanji?" anafunsa amake.

"Atatu afa. Ubweya watupa. Koma thabwa lalikulu silinang'ambike, ndipo zingwe..."

"Usandiuze za zingwe. Chigwira ntchito kapena ayi?"

"Ana aphunzirapo. Iwo safika kumunsi kuno. Ine ndiye ndidikira a ku Lusaka adzasinthe tinyundo."

"Uwaimbire lero. Anawo ayamba liti?"

"Amama, Dennis tamuika dzana."

"Ndikudziwa, ndinalipo. Bambo ako titawaika ndinakhala sabata imodzi, yachiwiri ndinali pa msika, misozi ikugwera mu kapenta. Sindikuti mawa. Mwezi ukatha uwaitane, a mayeso aja ayambe. Amake Dennis ndakamba nawo, avomera. Akuti wonena adzanene kwa iwo."

Joy anakhalanso pa kampando. Anaika manja onse awiri pa makiyi osawadina, nakhala akuwayang'ana. Mapewa anayamba kugwedezeka. Masiku anayi onse aja analira pamaso pa anthu monga namfedwa amayenera, koma uku kunali kulira kwina, kopanda mawu. Amake sanamugwire. Anamusiya alire, iwo akuyang'ana kunja, kumene Bana Mwaba anali kuyanika bulangete lija pa mpanda.

"Amama," anatero Joy patapita nthawi, osacheuka. "Gonani lero lokha. Mupite mawa."

Amake Joy anaganiza za tebulo lawo ku Chisokone, ndi mnzawo uja amene sadziwa kuyeza kapenta, amangothira. Anapuma mozama, naika chikwama pansi.

"Lero lokha. Ndipo ndigona pompano, msana wanga watha. Ngati ukufuna kuliza, liza za pansipansi."